Mafoni a mu ofesi, Dedza ndi Ntcheu, aziyimbirana osadya mayunitsi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilembeko pa nkhani ina imene anthu a mabizinesi kuno ku maboma sitiikamba kawirikawiri, mwina poti imaoneka ngati ya mabanki ndi makampani akuluakulu a ku Lilongwe ndi Blantyre okhaokha, chonsecho ife ndi amene ikutidyera ndalama. Ndikunena za kulumikiza mafoni a ofesi ziwiri za bizinesi imodzi kuti anthu aziyimbirana ngati ali m'nyumba imodzi, osagula mayunitsi.

Ine ndimagwira ntchito pa shopu ya amalume anga pano pa Dedza boma, timagulitsa feteleza, mbewu, simenti, malata ndi tizitsulo tina tomangira nyumba, ndipo tili ndi nthambi pa Ntcheu boma komanso kanyumba kosungiramo katundu ku Lizulu. Ntchito yanga yeniyeni ndi ya mabuku, koma paja ukangooneka kuti umatha kunyengerera pulinta ikakana, basi wasanduka wa IT wa kampani yonse olo sunapemphe. Ndiye zimene ndilembe apazi ndaziphunzira mopunthwa, si za ku sukulu ayi.

Kale tinkangoyendera mafoni a m'manja. Wa ku sitolo kuimbira Ntcheu kufunsa kuti Urea watsala matumba angati, wa ku Ntcheu kuimbira kuno kufunsa ngati lole yanyamuka, keshiya kufunsa za ngongole ya kasitomala wina wa ku Tsangano, tsiku lonse ndi choncho, ndipo ikafika nyengo ya feteleza kuyambira Okutobala mpaka Disembala ndiye zimachita kunyanya. Aliyense ankafuna kampani imugulire mayunitsi, ena kumangofulasha kuti winayo ndi amene aimbe, ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri nchoti makasitomala anazolowera nambala ya munthu osati ya shopu, ndiye munthu akufuna kuoda simenti matumba 200 foni yake ikukalira m'thumba mwa mnyamata amene ali pa maliro ku Bembeke.

Amalume atatopa anagula mabokosi awiri a PBX, limodzi la kuno lina la Ntcheu. Kwa amene simukudziwa, PBX ndi kamakina kamene kamagwira ntchito imene ankagwira mayi wa pa switchboard uja, foni iliyonse ya pa tebulo imakhala ndi nambala yake yaifupi imene timati extension, ukaimba 103 ikulira kwa keshiya, ukafuna kunja kamakinako kamakupatsa laini. Anabwera mmisiri wochokera mu tauni, sinditchula dzina lake kapena la kampani yake, anakoka mawaya bwinobwino, anakhoma bokosi pa khoma, analandira ndalama zake nkumapita. Titayesa mawa lake tinapeza kuti Dedza waipatsa manambala 101 mpaka 110, Ntcheu nayonso 101 mpaka 110. Ndiye ukaimba 103 kufuna wa ku sitolo ku Ntcheu, ikulira ndi foni ya keshiya amene wakhala naye moyang'anizana, akukuyang'ana nkumaseka. Titamufunsa mkuluyo anangoti dinani 9 kenako muimbe nambala yonse ya ku Ntcheu. Eti abale, ndiye kuti foni ikutulukabe kudzera pa SIM, mayunitsi akupitabe, tangowonjezerapo bokosi lodula pa khoma. Sabata yachitatu foni yake inasiya kuyankhidwa.

Paja amati safunsa anadya phula, ife tinadya ndithu, chifukwa palibe mmodzi mwa ife amene anafunsa kuti kodi mabokosi awiriwa azilankhulana bwanji.

Chimene chimafunika pakati pa mabokosi awiri ndi njira yawoyawo, amisiri amati tie line kapena private line. Masiku akale unkachita kubwereka laini kwa kampani ya mafoni, waya wako wako kuchokera ofesi iyi kukafika ofesi inayo, kulipira mwezi ndi mwezi kaya waimba kaya sunaimbe, ndipo akuluakulu ankatenga ya E1 imene imanyamula mafoni 30 nthawi imodzi. Zimenezo shopu ya malata singazikwanitse ndipo sizikufunikanso. Masiku ano mabokosi ambiri, kaya ndi Yeastar, Grandstream, kaya kompyuta wamba imene mwaikamo pulogalamu ya mafoni ya Asterisk kapena FreePBX, amalankhula chilankhulo chimodzi chotchedwa SIP, ndiye njira ija mumaipanga pa intaneti imene muli nayo kale. Ife tinayamba talumikiza ma rauta awiri, timabokosi togawa intaneti tija, ndi VPN, kanjira kobisika kodutsa pa intaneti, kuti netiweki ya Dedza ndi ya Ntcheu zizionana ngati zili mu mpanda umodzi, kenako pa bokosi lililonse nkupanga SIP trunk, imene ndi njira ya mafoni ija, yoloza ku adiresi ya linzake. Mbali imeneyi anthu amaiopa koma ndi ya mphindi zochepa. Imene inandigoneka mochedwa masiku angapo ndi ya manambala.

Ndinatenga pepala la mu kope la masamu nkulemba kuti Dedza yense akhale mu 200, kuyambira 200 mpaka 299, Ntcheu akhale mu 300, Lizulu ndinamusungira 400 olo kuli foni imodzi yokha. Cholinga nchoti bokosi likangoona nambala yoyamba lidziwiretu kopita. Likaona 2 pano pa Dedza likudziwa kuti ndi wa m'nyumba momwemuno, likaona 3 likudziwa kuti iyi ndi ya pa trunk. Mu bokosi la Dedza mumapanga chimene amati outbound route, mumalemba 3XX, X aliyense akuimira nambala ina iliyonse, nkuuza kuti zoterezi zizidutsa pa trunk ya Ntcheu. Ku Ntcheu mumapanga chimodzimodzi koma mumalemba 2XX. Anthu anadandaula kuti tinazolowera kale 103, bwanji mukutisinthira, ndipo ilipodi njira yosasintha, mutha kusiya manambala ofananawo nkuika nambala yotsogolera, mwachitsanzo 8, kuti wa ku Dedza aziimba 8103 ndipo bokosi lizidula 8 uja lisanatumize, kuti ku Ntcheu kufike 103 yekha. Imagwira, koma ine ndinaikana, chifukwa foni ikafika uko imaonetsa kuti waimba ndi 105, munthu akabweza 105 ikulira ya mnzake wa pa tebulo loyandikana, ndiye muyambenso kulamula bokosi kuti liziwonjezera 8 pa nambala ya woimba, ntchito kuchulukirachulukira chifukwa choopa kusintha timapepala tomata pa mafoni teni.

Nditamaliza ndinaimba 301 ndili ndi chimwemwe, inaliradi ku Ntcheu, koma inalira kwa mtsikana wa pa kauntala. Ndinaimba 304, kwa yemweyo. 307, yemweyo, mpaka anayamba kundiyankha kuti achimwene mukufuna chani kwenikweni. Vuto linali loti bokosi la Ntcheu linkaitenga foni yochokera pa trunk ngati ya mlendo wa kunja, ndipo alendo onse tinawalamula kuti azifikira pa kauntala. Pamafunika kuliuza kuti wobwera pa njira iyi ndi wa pa banja, muloleni alowe mpaka kuchipinda chimene akufuna. Pa FreePBX amasintha context ya trunk kukhala from-internal, pa mabokosi ena mumapanga inbound route yoti nambala yoimbidwayo ipite ku extension yofanana nayo. Koma apa pakhale maso, chifukwa ukamutenga ngati wa pa banja kwathunthu ndiye kuti akhozanso kutulukira pa laini yako ya kunja, ndibwereranso pa zimenezi.

China chimene chinandivutitsa poyambirira, 301 uja asanalire nkomwe, ndi ndondomeko ya ma route. Bokosi limawerenga kuchokera pamwamba kutsika, likapeza lamulo loyamba logwirizana ndi nambala basi latenga lomwelo, silionanso za pansi. Mmisiri uja anasiya lamulo lina pamwamba penipeni loti chilichonse chimene sichili m'nyumba muno chitulukire pa SIM, ndiye 3XX wanga ali pansi pake sankafikiridwa nkomwe, foni inkapita ku netiweki ya kunja nkubwerako ndi mawu oti nambala mwaimbayi kulibe. Lamulo lopapatiza likhale pamwamba, lotakata pansi, basi.

Tsiku lina ndinachitanso zanga zopusa, ndinaganiza kuti ndachenjera, ndinauza bokosi la Dedza kuti nambala imene sukuidziwa uziitumiza ku Ntcheu, la Ntcheu nalonso ndinaliuza kuti imene sukuidziwa uziitumiza ku Dedza. Wina anaimba 555 mwangozi, mabokosi awiri anayamba kuponyerana foniyo ngati ana awiri okana kutsuka mbale, uyu ati si yanga uyo ati si yanga. Mwamwayi amene anapanga SIP anaziganizira kale, uthenga uliwonse umanyamuka ndi chiwerengero, nthawi zambiri 70, chimene chimayenera kutsika ukamadutsa, chikatha umakanidwa ndi 483 Too Many Hops, koma mabokosi ena amaiyambitsa foniyo ngati yatsopano ulendo uliwonse, ndiye m'malo mwake imangodzaza malaini onse a trunk mpaka wina aliyense osatha kuimba. Zathu zinatero. Nambala yosadziwika ingofera pomwe yaimbidwira, musaitumize kwa mnzanu.

Za 9 uja ndinamuchotseratu. Ndi chizolowezi chakale cha m'maofesi chodina 9 kuti upeze laini ya kunja, koma kuno kwathu manambala onse a m'manja amayamba ndi 0 ndipo amakhala manambala 10, ndiye bokosi likaona 0 likudziwa kale kuti iyi ndi ya kunja, palibe chifukwa chovutitsira agogo a pa geti ndi 9. Ubwino winanso ndi woti mutha kugawa, zoyamba ndi 088 zizitulukira pa SIM ya TNM, zoyamba ndi 099 pa SIM ya Airtel, kuti bandulo ya netiweki imodzi igwire ntchito yake. Ndipo 9 akachoka, manambala a ngozi ngati 997 ya apolisi amangoimbidwa mmene alili, munthu ali ndi mantha sangakumbukire zoti ayambe wadina china. Ameneyo ndinamuika pamwamba pa malamulo onse ndipo amatulukira pa SIM ya ofesi yomweyo, asamachite kuyenda pa trunk, kuopa kuti wakuba ali ku Ntcheu foni ikutulukira ku Dedza.

Ndiye pali nkhani ya mawu. Poyamba foni inkalira, munthu kuyankha, ine ndikumumva koma iye sakundimva, kumangoti halo halo nkudula. Ndinadzaphunzira kuti kulira kwa foni ndi mawu zimayenda njira zosiyana, SIP amene amagogoda pakhomo amadutsa pa khomo la netiweki limene amati port 5060, koma mawu enieniwo amayenda pa njira ina yotchedwa RTP, pa Asterisk nthawi zambiri ndi ma port 10000 mpaka 20000, ndiye rauta ikatsegula khomo limodzi nkutseka linalo zotsatira zake ndi zimenezo. Ma rauta ambiri alinso ndi kanthu kotchedwa SIP ALG kamene amati nkothandiza koma kwa ife kankangosokoneza, nditakazimitsa ndi kuuza bokosi lililonse kuti netiweki ya ofesi inayo ndi ya kwathu komwe, mawu anabwera mbali zonse.

Amalume funso lawo linali limodzi, data idya zingati. Zimatengera codec, kutanthauza mmene mawu akupanikizidwira. G.711 amamveka bwino kwambiri, mawu okha ndi 64 kbps, umenewo ndi muyeso wa data yodutsa pa sekondi, ukaphatikiza zokutira zake amapitirira 80 mbali imodzi, ndiye mphindi imodzi ya kucheza imadya MB imodzi ndi kanthu. G.729 mawu ake ndi 8 kbps, ndi zokutira amafika cha m'ma 30, mphindi imodzi pafupifupi theka la MB, VPN imawonjezerako pang'ono. Ife tinasankha G.729 pa trunk nkusiya G.711 mkati mwa ofesi, mawu amamveka owuma pang'ono ngati wailesi yakale koma matumba 40 amamveka 40. Muonetsetse kuti mabokosi onse awiri ali ndi codec imodzi yofanana, apo ayi foni imangoduka ikangoyankhidwa. Chimene chimapha kucheza kwenikweni si kuchepa kwa data koma kuchedwa, a ITU, bungwe la dziko lonse loona za mafoni, amalangiza kuti mawu asachedwe kupitirira 150 ms mbali imodzi (sekondi imodzi ndi 1000 ms), zikapitirira mumayamba kulankhulira pamodzi kenako nonse kukhala chete kudikirana. Kwathu zinkachitika nthawi ya nkhomaliro anyamata akayamba TikTok pa WiFi ya shopu, mpaka ndinaika lamulo mu rauta loti mawu a foni azidutsa patsogolo pa china chilichonse, amati QoS. Anyamatawo sanandikonde sabata imeneyo.

Intaneti ikagwa nanga? Imagwa ndithu, makamaka nthawi ya mvula ndi ziphaliwali za kuno ku phiri. Pa route ya 3XX ndinaika njira yachiwiri pansi pa trunk, kuti ikakanika foni itulukire pa SIM nkuimba nambala yaikulu ya shopu ya Ntcheu. Apo extension imatayika, imafikira pa kauntala nkuchita kupatsira, komanso mayunitsi amapita, ndiye ndinaika kuti woimba azimva kabelu kaye adziwe kuti iyi njolipira afupikitse nkhani za mpira. Magetsi nawo ndi nkhani ina, bokosi, rauta ndi switch zonse zili pa batire ndi kasola, ndipo mafoni a pa tebulo amalandira moto kudzera pa waya wa netiweki womwewo, PoE, choncho batire imodzi imanyamula onse. Mukaiwala mbali imodzi, Dedza ili ndi moto Ntcheu ilibe, trunk yafa basi.

Ndibwerere pa za wa pa banja uja, chifukwa apa ndi pamene munthu angalire. Pa intaneti pali anthu amene ntchito yawo ndi kusaka mabokosi a mafoni amene port 5060 yake ili poyera, usiku ndi usana amayesa mapasiwedi, akalowa amaimba manambala odula a kunja kwa dziko usiku wonse, bilu nkukhala yanu. Ine nditatsegula log, mmene bokosi lathu limalembamo zonse zochitika, masiku oyambirira, port ili chitsegulire mmene anaisiyira mmisiri uja, ndinapeza mizere yosawerengeka ya anthu oyesa 100, 101, 102, chonsecho pasiwedi ya extension iliyonse inali nambala yake yomweyo. Thukuta linatuluka ndi chisanu cha mu Juni cha kuno ku Dedza. Ndinatseka port, zonse zizidutsa mu VPN, mapasiwedi ndinasintha kukhala atali osokonekera, ndinaletsa chilichonse choyamba ndi 00 kupatula pa foni ya amalume, ndipo wobwera pa trunk ndinamulola kufika pa ma extension okha, osati kutulukira pa SIM za ofesi inayo. Ndichenjezenso anzanga, wina akabwera nkukuuzani kuti mumubwereke bokosi lanu azidutsitsirapo mafoni ochokera kunja kwa dziko kulowa pa ma SIM a kuno akupatsani kenakake, kanani, zimenezo ndi zija amati SIM box ndipo ndi mlandu. Kulumikiza ofesi zanu ziwiri ndi nkhani ina, koma ngakhale pamenepo pogula zipangizo ndi bwino kufunsa ngati zili zovomerezeka ndi a MACRA, ndi amene amayang'anira zimenezi.

Chimene ndalembera kalatayi kwenikweni, a Mkonzi, ndi pepala lija la mu kope la masamu. Mabokosi amene tinagula anali abwinobwino kuyambira tsiku loyamba, anakhala miyezi akungotidyera magetsi chifukwa panalibe munthu amene anakhala pansi nkulemba kuti nambala iyi ipite uku, iyi uku, ikakanika idzere apa. Ndiye eni mabizinesi anzanga a ku Dedza, Ntcheu, Linthipe, Kampepuza, mmisiri asanalandire ndalama yomaliza akupatseni pepala lolembapo manambala onse, ma route mmene atsatirana, mapasiwedi a admin, ndi backup ya bokosi pa fulashi. Ndipo muyese ali pomwepo, imbani kuchokera uku kupita uko, kuchokera uko kubwera uku, bwezani nambala imene yaonekera, zulani waya wa intaneti muone ngati ikudzera njira ina, zimitsani magetsi. Akakwiya kuti mukumukayikira musiyeni akwiye, thiransipoti yomuitanitsanso kuchokera mu tauni ndi yanu.

Ndipemphenso a TEVETA ndi masukulu a ntchito za manja aganizireko zophunzitsa achinyamata a kuno zinthu ngati izi, pambali pa kukoka mawaya a magetsi ndi kuika ma dishi, chifukwa zipatala za mishoni, ma SACCO, malo ogona alendo ndi masukulu kuno ali ndi maofesi obalalika ndipo onse akuyendera mayunitsi ndi WhatsApp. WhatsApp sindikuinyoza, nanenso ndimaigwiritsa ntchito, koma siitha kupatsira kasitomala kwa wa ku sitolo, ndipo wantchito akachoka amapita ndi nambala ndi makasitomala omwe. Inunso a nyuzi muzitilemberako zoterezi m'Chichewa, zonse zimene ndinawerenga ine zinali m'Chingerezi chovuta cholembera anthu amene magetsi sawathimira.

Pano 200 ndi 300 zikuyenda, amalume amaimba 301 m'mawa uliwonse kufunsa za malonda a dzulo nkumacheza mpaka tiyi kuzizira. Yatsala ndi 400 ya ku Lizulu. Kumeneko kulibe bokosi, ndinangoika pulogalamu ya foni pa foni ya m'manja ya mlonda wa katundu kuti ikhale 401 kudzera mu VPN yomweyo, koma paja pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique, ndiye foni yake ikafuna imadumphira pa netiweki ya tsidya ilo, data nkuima, 401 nkuzimiririka pa bokosi. Ndamuonetsa mmene angakhomere netiweki kuti isamasankhe yokha, tiona tsiku la msika likubwerali ngati igwire lole za kachewere zikadzadza pa msewu.

Ine wanu,
Wowerenga wa pa Dedza boma